MGB ya 1972 patatha chaka ndi theka: makabureta analibe mlandu

Achimwene ena a ku Leicester, kuno ku England, anandilembera pa WhatsApp sabata yatha kuti aona galimoto yakale yofiira ya mtundu wa MGB ikugulitsidwa ndipo mtima wawo wapita kale. Funso lawo linali limodzi: "Achimwene, za makabureta awiri zija, munthu wamba angazithe?" Ndinawayankha kuti angazithe, koma yankho lenileni ndi lalitali, ndipo funsoli landipeza bilu ya wowotcherera ili pa tebulo. Ndiye ndati ndilembe zonse pano, kuwonjezera pa zomwe ndinalemba mwezi woyamba nditangoigula, nthawi imene ndinkangoyamikira penti ndi kulira kwa ekizozi.

Kwa amene simunaone zoyambazo, yanga ndi MGB ya 1972 yotsegula denga, ya mabampa achitsulo onyezimira, asanabwere akuda alabala aja mu 1974. Inapangidwa ku Abingdon kufupi ndi Oxford, komwe ankapanga magalimoto amenewa kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980. Injini ndi ya 1798cc, masilinda anayi, makabureta (zida zosakaniza petulo ndi mpweya) awiri a kampani ya SU, a mtundu wa HS4. Ndinapereka mapaundi 7,800 kwa bambo wina amene analemba pa chilengezo kuti galimotoyo "inakonzedwa yonse" ndipo "ikungofunika kutchuna pang'ono".

Zoyenda bwino sindichedwapo. Magiya amalowa mosavuta, ndipo overdrive, imene imatsitsa kulira kwa injini pa giya yachitatu ndi yachinayi, sinandivutepo. Popanda iyo msewu waukulu wa M1 ungakugonthetse m'kutu. Chiwongolero n'cholemera poimika, koma galimoto ikangoyenda chimamvera dzanja. Mabuleki amagwira, bola uponde ndi mphamvu. Denga limadontha pakona imodzi, hita imatenthetsa mawondo okha. Mabatire ndi awiri a 6 volts, obisika kuseri kwa mipando, ndipo kuti uwaone madzi pamafunika msana wa mnyamata. Masipeya ndiye ayi, palibe chodandaula: magalimotowa anapangidwa oposa 500,000, choncho ukaitanitsa chinthu lero, mawa kapena mkuja chafika, ndipo ku Witney amapangabe ngakhale bodi yonse yatsopano. Msonkho wa pamsewu sindilipira chifukwa galimoto yapitirira zaka 40, inshulansi nayo ndi yotsika.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. M'mawa galimoto inkalira bwinobwino. Ukatembenuza kiyi umamva pampu ya petulo ikuti tiki tiki tiki kumbuyo, ikasiya umakoka choko (chowonjezera petulo), n'kuliza, basi ulendo. Theka la ola loyamba kunalibe vuto. Koma injini ikatentha, makamaka pa mzere wa magalimoto, inkayamba kutsokomola, kudukizadukiza, kenako zii. Ukayesa kuliza, sitata inkazungulira bwinobwino koma injini osagwira. Ukaisiya kuti izizire, inkalira ngati palibe chimene chachitika.

Tsiku limene zinandipweteka kwambiri linali Lamlungu lina lotentha ku Matlock Bath, pa msewu wa A6, komwe anthu a njinga zamoto amasonkhana m'mbali mwa mtsinje wa Derwent. Inazima pakatikati penipeni, denga lili chotsegula, aliyense akutiona. Mayi a kunyumba anangovala magalasi akuda n'kuyang'ana kutsogolo osayankhula. Azibambo awiri a majekete achikopa anasiya tchipisi chawo pa khoma n'kudzandithandiza kukankha, mmodzi akununkhiza mpweya n'kunena kuti, "Petulo wawira ameneyo." Pobwerera mayi anangofunsa funso limodzi, kuti kodi galimoto yokonzedwa yonse ija ndi imeneyi.

Ndinaimbira amene anandigulitsa. Anayankha mosadabwa konse. "Ndi makabureta amenewo, bambo. Ndinakuuzani kuti akufunika kutchuna. Ndiponso petulo wa masiku ano si wabwino ku magalimoto akale." Ndipo kunena zoona, aliyense amene ndinamufunsa ankanena zomwezo, chifukwa zifukwa zake zimamveka. Pa injini imeneyi, kolowera mpweya ndi kotulukira utsi kuli mbali imodzi, ndiye makabureta amakhala pamwamba penipeni pa mapaipi a ekizozi. Pakati pake pali chitsulo chotchinga kutentha basi. Kuyambira September 2021 petulo wamba kuno ndi E10, wosakaniza ndi ethanol mpaka 10 peresenti, ndipo eni magalimoto akale amamuda kwambiri ponena kuti amawira msanga komanso amadya mapaipi alabala akale. Ine zinkandiseketsa pang'ono, chifukwa kwathu ku Malawi takhala tikuthira petulo wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo ma Peugeot 504 ndi ma Datsun a makabureta ankakwera naye zitunda popanda wolira. Komabe ndinamvera.

Ndalama zinayamba kutuluka pamenepo. Ndinasiya E10 n'kuyamba kuthira E5 wodula uja, wa ethanol wochepa. Ndinasintha mapaipi onse a petulo. Chitsulo chotchinga kutentha chinalidi chitayoyoka zofunda zake za kumbuyo, ndinagula china. Galaja ina ya kufupi ndi kwathu inalandira mapaundi 140 a "kutchuna", ndipo mnyamata wake, amene anazolowera kulumikiza kompyuta pa galimoto, anangopotokola zomwe anaziona, galimoto n'kubwerera ikununkha petulo, mapulagi ali bii. Pomaliza ndinachotsa makabureta onse awiri n'kuwatumiza kwa katswiri kuti awamange mwatsopano, mapaundi 460. Anali atathadi mbali ina: timitengo ta throttle tinali titadya mabowo ake moti ukatigwedeza tinkasewera, mpweya n'kumalowera pamenepo, n'chifukwa chake injini ikangoima payokha inkakwera ndi kutsika. Atabwerako zimenezo zinatheratu. Koma ulendo woyamba wautali, itangotentha, zii, monga kale. Chimene chinkasokoneza kwambiri n'chakuti ikayamba kutsokomola ndikakoka choko inkakhala ngati yapezako bwino kwa kanthawi, ndiye aliyense ankati mwaona, ikusowa petulo.

Wondipulumutsa anali mdala wina wa ku kalabu ya eni ma MG ya m'dera lathu, makaniko wopuma ntchito, wa manja onjenjemera koma makutu akuthwa. Nditamufotokozera zonse sanayang'ane n'komwe makabureta onyezimirawo. Anati iye sakhudza kabureta asanatsimikize zinthu zitatu: mpata wa mavavu, mpata wa mapointi (tizitsulo todula ndi kulumikiza magetsi m'kati mwa distributor, chida chogawa moto ku mapulagi), ndi timing (nthawi imene motowo umayaka). Mavavu tinawaika pa 0.015 inchi injini itazizira. Atatsegula chivindikiro cha distributor anangoti hmm. Mapointi anali atachita buluu, nsonga imodzi itakumbika kadzenje, inayo itamera kachiphuphu, chonsecho pa malisiti a wogulitsa uja analembedwa kuti ndi atsopano. Kenako anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: "Ikamazima, muvi wa rev counter, wosonyeza liwiro la injini uja, umatani? Umatsika pang'onopang'ono limodzi ndi injini, kapena umadumphadumpha?" Ndinati umadumphadumpha. Anati tiyeni tikaizimitse.

Tinayenda mpaka inatentha, ndipo itangoyamba matenda ake tinaima pambali. Anatsegula boneti n'kunena kuti, "Gwirani apa." Ndinagwira koyilo, chida chopereka moto ku mapulagi, n'kuchotsa dzanja nthawi yomweyo. Inali moto. Anamasula chivindikiro cha kachitini ka petulo ka m'mbali mwa kabureta, tinapeza kali kodzaza bwinobwino, kusonyeza kuti petulo sankasowa ayi. Titabwerera kwake, koyilo itazizira, anaika mita pa nsonga zake ziwiri zing'onozing'ono: 1.5 ohms.

Nkhani yake ndi iyi. MGB ya mabampa achitsulo imapereka 12 volts yonse ku koyilo, ndipo koyilo yake iyenera kukhala ya pafupifupi 3 ohms. Ya mabampa alabala ili ndi waya wapadera m'kati mwa mawaya ake wochepetsa magetsi injini ikamayenda, ndiye imagwiritsa ntchito koyilo ya pafupifupi 1.5 ohms. Kunja zimafanana ndendende. Ukaika yachiwiriyo pa galimoto ngati yanga, imakoka magetsi owirikiza, imatentha mopitirira, imawotcha mapointi, ndipo moto wa pa mapulagi umafooka mpaka kulephera kuyatsa. Ikazizira imabwereramo. Za choko zija nazo zinamveka: moto wofooka umayatsa mosavuta petulo akachuluka, ndiye kukoka choko kunkangobisa matenda. Titafufuza mu envulopu ya malisiti, tinapeza la koyilo ija, ndipo linalemba poyera kuti ndi ya magalimoto a mabampa alabala. Koyilo yoyenera, mapointi, kondensa ndi rotor zonse pamodzi sizinafike mapaundi 50. Mdalayo anakana ndalama, anangolandira mabisiketi. Kuyambira tsiku limenelo sinazimenso.

Ndiye pa funso la makabureta, ndinene mosapsatira: ndiwo chinthu chimene chandisangalatsa kwambiri pa galimoto yonseyi. SU ndi yosavuta modabwitsa. M'kati muli pisitoni imene imakwera injini ikamakoka mpweya wambiri, ndipo pansi pa pisitoniyo pali singano yosongoka imene imalowa mu jeti. Pisitoni ikakwera, singano imatuluka, petulo wambiri amadutsa. Pamwamba pali kachivindikiro kakuda kamene umamasula n'kuthiramo oyilo pang'ono, wa injini yemweyo wa 20W-50 amatheka, kuti pisitoni isadumphe ukaponda mwadzidzidzi. Oyilo ameneyu akatha galimoto imazengereza ponyamuka, ndipo anthu amawononga ndalama pa vuto la madontho ochepa.

Kutchuna kwake mdala uja anandiphunzitsa masana amodzi. Injini itenthe kaye. Umachotsa zosefera mpweya, n'kukhwefula kachitsulo kolumikiza makabureta awiriwo kuti aliyense aime payekha. Nati ya pansi pa jeti umaikweza mpaka jeti ifanane ndi pakamwa pake, kenako umaitsitsa maulendo awiri athunthu, pamenepo ndiye poyambira. Kuti awiriwo azikoka mpweya wofanana, iye sagwiritsa ntchito chida chilichonse chogula: kapaipi kalabala, mbali ina pa khutu, mbali ina pakamwa pa kabureta, kumvetsera kuti sii wa kutsogolo afanane ndi sii wa kumbuyo. Poyamba ndinkamva phokoso lokhalokha, kenako khutu linazolowera. Ukatero umakankha kapini ka pansi kuti pisitoni ikwere pang'ono chabe, osafika milimita imodzi. Injini ikakwera n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Ikatsika ngati ikufuna kuzima, wachepa. Ikakwera pang'ono n'kubwerera, wapeza. Umasuntha nati mbali imodzi imodzi, osati kupotokola ngati ukutsegula mpopi. Ukamaliza umamanganso cholumikizira chija, basi, osawakhudzanso. Chichitireni zimenezo sindinawagwirenso kupatula kuthira oyilo, ndipo mapulagi amatuluka ofiirira bwino.

Miyezi yotsatira inali yokoma. Mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanakuuzani kuti gulani lero lomwe. Misewu yokhotakhota ya ku Peak District, giya yachitatu, kudina overdrive potsetsereka, fungo la oyilo wotentha ndi udzu, ngakhale mayi a kunyumba anayamba kufunsa okha kuti Loweruka tikupita kuti. Si galimoto yothamanga, kagalimoto kalikonse ka masiku ano kamakupitirira, koma umakhala pansi kwambiri moti mamailosi 50 pa ola amamveka ngati ukuuluka. Petulo imamwa pafupifupi galoni imodzi pa mamailosi 27.

Chimene chinandibweza pansi ndi MOT, kuyeza galimoto kwa lamulo koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Kuyambira 2018 galimoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka, ndipo wogulitsa uja ankanena zimenezi ngati mwayi. Mdala wa ku kalabu anandiumiriza kuti ndipite nayo ndithu mwa kufuna kwanga. Woyeza ataikweza anagogoda pansi pa zitseko ndi kanyundo kake, phokoso linali la phu phu m'malo mwa ngwe ngwe. Anabweretsa maginito, sanagwire. Anakanikiza ndi chala pafupi ndi pomwe pamalowa jeke, chala chinalowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pansi pa penti wokongola uja munali fila (phala lomatira mabowo a bodi) wochindikala ndi tizidutswa ta malata tomata pamwamba pa dzimbiri.

Amene simudziwa MGB mungaganize kuti ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Ayi. Galimotoyi ilibe chesesi yapadera, bodi yomweyo ndiyo imanyamula zonse, ndipo popeza yanga ilibe denga lachitsulo, mphamvu yogwirizanitsa kutsogolo ndi kumbuyo ili m'zitsulo za pansi pa zitseko zimenezo. Si chitsulo chimodzi, ndi zingapo zowotcherera pamodzi, ndipo mbali zake zina zimabisika kuseri kwa mapiko a kutsogolo ndi a kumbuyo. Zikawola galimoto imayamba kupindika pakati, n'chifukwa chake chitseko changa cha kumanja chinkafuna kuchimenya kuti chitsekeke, mpata wake pamwamba utachepa. Kukonza kwake n'kudula mapiko, kumangira bodi ndi zitsulo kuti isasunthe, kuchotsa zowola zonse, kuwotcherera zatsopano, kupopera mafuta oteteza m'kati, kenako penti. Bilu ya mbali zonse ziwiri yafika mapaundi 2,450. Wowotchererayo anandisungira zomwe anadula mu katoni, ndipo chidutswa china cha fila ndi chochindikala kuposa chala changa chachikulu.

Apa ndi pomwe nkhani ya wogulitsa inafika poipa. Za koyilo ndinamukhululukira, munthu akhoza kuitanitsa sipeya yolakwika, ngakhale kuti yankho lake lofulumira lija la makabureta limandikayikitsa ngati sankadziwa kale kuti imazima. Koma fila sadzimata yekha. Nditamutumizira zithunzi anayankha kuti, "Bambo, ndi galimoto ya zaka 50, mumayembekezera chiyani? Inakonzedwa kalekale ndi mwini wake wakale, ine sindinaone pansi." Pa chilengezo sanalembe kuti kalekale. Mwamwayi ndinachijambula ndisanagule. Ndipo nditafufuza ndinapeza kuti bwalo lomwe lija, mpanda womwe uja, zikuoneka pa zithunzi za magalimoto ena akale amene wakhala akugulitsa, pomwe kwa ine ankati ndi galimoto ya pabanja imene akuisiya ndi chisoni. Anandigwira m'maso.

Kusiyana kwake n'kwakukulu pa malamulo a kuno. Ukagula kwa wamalonda, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakupatsa masiku 30 obweza galimoto yolakwika, ndi ufulu wina pambuyo pake. Ukagula kwa munthu wamba, chitetezo chako n'chakuti galimoto ikhale monga anaifotokozera, basi. N'chifukwa chake amalonda ena amadzibisa ngati anthu wamba. Masiku 30 anadutsa kalekale ndili kalikiliki ndi makabureta osalakwa, koma mawu akuti "inakonzedwa yonse" akadalipo, ndipo khoti la milandu ing'onoing'ono kuno ku England limamva nkhani za ndalama zosapitirira mapaundi 10,000. Nditatchula zimenezi mawu ake anafewa. Wandilonjeza mapaundi 300 ndi katoni ya masipeya akale amene ali m'galaja mwake. Ndakana.

Ndiye chigamulo changa chimasintha ndi tsiku. Ndikatsegula galaja m'mawa, pampu n'kuti tiki tiki, injini n'kugwira ulendo woyamba, ndimati galimoto yabwino ngati iyi kulibe, ndipo aliyense wodziwa kugwira sipanala akhoza kuisamala yekha. Ndikakhala pansi ndi chowerengera, nkhani imasintha. Kugula 7,800, kuthamangitsa vuto la makabureta pafupifupi 900, kuwotcherera 2,450, kuwonjezera matayala amene anali okalamba ngakhale anali ndi mano, ndi tina ndi tina, ndadutsa mapaundi 11,500 pa galimoto imene sindikukhulupirira kuti wina angandipatse 9,000. Pa ndalama zonsezo, zimene zinapita chifukwa cha mmene MGB inapangidwira n'zochepa kwambiri. Zambiri zinapita chifukwa cha munthu mmodzi ndi chilengezo chake.

Amene mukufuna yanu, musachite mantha ndi makabureta, musakopekenso ndi penti. Pitani ndi maginito, tochi ndi mita yoyezera magetsi, gonani pansi, onani mipata ya zitseko, ndipo muuzeni wogulitsa kuti apite nayo ku MOT musanapereke kalikonse, ngakhale lamulo silikumukakamiza. Akakana, bwererani. Muiyendetsenso mpaka itenthe bwinobwino, osati kungozungulira mudadada umodzi monga amafunira iwo. Yanga ikanakhala ya mapaundi 5,000, yolembedwa moona kuti pansi pakufunika ntchito, bwenzi ndikuiyamikira popanda chotsalira.

Kalata yomaliza ndamutumizira Lolemba, pamodzi ndi lipoti la wowotcherera, zithunzi ndi chilengezo chake chomwe, ndipo ndamupatsa masiku 14. Ndikufuna theka la bilu ya kuwotcherera. Akalipira, galimoto ikhala, ndipo nyengo yozizira ikubwerayi ndichotsa mutu wa injini kuti aikemo mipando yolimba ya mavavu yoyenera petulo wopanda mtovu. Akapanda kulipira tikaonana ku khoti, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti ndalama za mutu wa injinizo sizichoka m'thumba la pakhomo.